Mota ndi ESC: poyambira posankha za galimoto ya rimoti

Munthu akaona galimoto ya rimoti ikudutsa pabwalo, fumbi lili koboo m'mbuyo mwake, funso lake limakhala limodzi: imathamanga bwanji? Opanga zinthuzi amalidziwa funsoli, n'chifukwa chake pa bokosi amalembapo manambala akuluakulu a liwiro, ndipo pa intaneti mota ya nambala yaikulu ndi imene imakopa maso. Ine galimotozi ndimazikonda kwambiri, ndipo maganizo anga ndi osiyana ndi a pa bokosiwo. Mota isakhale chinthu choyamba kusankha. Choyamba ndi malo amene galimotoyo izikayenda, kenako kulemera kwake, kenako batire limene mungathe kulipeza ndi kulisamala. Mota ibwere zonsezi zitadziwika. Ndipo ngati ndalama zili zoperewera, zambiri zipite ku ESC, kabokosi kamene kamagawira mota mphamvu ya magetsi.

Kwa ife a kuno ku Malawi nkhaniyi ndi yolemera kusiyana ndi mnzathu wa ku Johannesburg kapena ku London. Iye mota ikapsa Loweruka, Lolemba ali kale m'sitolo. Ife timayitanitsa kunja kapena kudikira m'bale wobwera pa basi, galimoto ili pa shelefu ikusonkhanitsa fumbi. Choncho chimene ndimafuna m'galimoto yanga ndi zipangizo zoti zigwire ntchito osafika pamapeto pa mphamvu zake.

Mamota ake alipo mitundu iwiri. Wakale uja umatchedwa brushed, chifukwa mkati muli timabulashi tiwiri ta kaboni, tomwe tija amakaniko amasintha mu sitata ya galimoto. Timabulashiti timakhudza mphete ya mkuwa imene ili pa shafiti, magetsi n'kulowa m'mawaya okulungidwa amene amazungulira pakati pa maginito omatidwa m'chitini. Kunja kumatuluka mawaya awiri okha, ndipo mukawasinthanitsa mota imazungulira chobwerera. Saizi yofala ndi 540, dzina lochokera ku mota ya RS-540 ya kampani ya ku Japan ya Mabuchi, imene Tamiya, kampani yopanga galimoto za rimoti, yakhala ikuika m'mabokosi ake kwa zaka zambiri. Ya 550 ndi yofanana nayo m'mimba koma ndi yotalikirapo, motero imakoka mwamphamvuko.

Pa chitinipo pamalembedwa nambala yotsatiridwa ndi T, imene imanena kuti waya wakulungidwa kangati. Apa ambiri amasokonezeka, chifukwa nambalayo ikachepa m'pamene liwiro limakwera. Ya 12T imathamanga, imadya batire, imatentha msanga. Ya 27T ndi yapakatikati, ndipo ndiyo ya chitini chasiliva chija cha m'mabokosi a Tamiya. Za 35T mpaka 55T zimayenda modekha, zimamvera chala, batire n'kukhalitsa, n'chifukwa chake okonda galimoto zokwera miyala amazisankha. Galimoto za kampani ya Traxxas zikuonetsa kusiyanaku: Slash ya matayala awiri okoka, yothamangira pa dothi, imabwera ndi mota ya Titan 12T, pamene TRX-4, yokwera miyala, anaiikira Titan 21T.

Masiku ano anthu amaipeputsa mota ya brushed ngati ya ongoyamba kumene, koma ine ndimaiikira kumbuyo. Ndi yotsika mtengo moti mutha kuyitanitsa ziwiri nthawi imodzi, ina n'kusunga. Madzi saiopsa kwenikweni, bola muiumitse ndi kudontheza mafuta pang'ono kumapeto kwa shafiti. ESC yake nayonso ndi yosavuta. QuicRun 1060 ya kampani ya Hobbywing ya ku Shenzhen, mwachitsanzo, imapirira ma amp 60, salowa madzi, imalandira batire la NiMH kapena la LiPo, ndipo posintha kagwiridwe kake mumangosuntha timapulagi tiwiri ting'onoting'ono, osafuna kompyuta. Malangizo ake amanena momveka kuti pa LiPo ya maselo awiri mota isatsike pa 12T, ndipo pa ya maselo atatu isatsike pa 18T. Mzere umenewo, wonena malire a mota, ndi umene ndimawerenga ndisanaone china chilichonse pa ESC iliyonse. Kufooka kwa brushed n'kodziwika: timabulashi timatha, mphamvu yambiri imatayika n'kukhala kutentha, ndipo chitini chake chili ndi mabowo. Mchenga wa kunyanja, wa ku Salima kapena ku Mangochi, ukalowa m'menemo umapala mkuwa uja mpaka mota kufooka.

Kuti timvetse chimene ESC inabweretsa, tikumbuke zimene zinalipo isanafale. Tamiya inatulutsa galimoto yake yoyamba ya rimoti mu 1976, Porsche 934, ndipo zotchuka za m'ma 1980, monga Grasshopper ndi Hornet za mu 1984, zinkachepetsa liwiro ndi kachitsulo kokankhidwa ndi servo, kamota kakang'ono kamene kamasuntha zinthu rimoti ikalamula. Kachitsuloko kankasuntha pa masitepe ochepa, ndipo pa liwiro lotsika mphamvu yotsalayo inkangowotchedwa m'ma resistor oyera amene ankatentha moti n'kupsereza chala. ESC sichita choncho. Imayatsa ndi kuzimitsa magetsi maulendo zikwizikwi pa sekondi, ndipo nthawi imene magetsi akhala oyaka ndi imene imapereka liwiro. Mphamvu yotayika ndi yochepa, ndipo galimoto imanyamuka mosalala.

Mota ya brushless anaitembenuza. Mawaya okulungidwa aja amakhala chilili m'mbali mwa chitini, maginito ndi amene amazungulira pakati. Mulibe chokhulana kupatula ma bearing, ndiye mulibe timabulashi toti tithe. Koma ntchito imene timabulashi tinkachita, yopereka magetsi ku waya woyenera pa nthawi yoyenera, tsopano yagwera ESC, kudzera m'mawaya atatu. N'chifukwa chake ESC ya brushed singayendetse mota ya brushless. Zilipo zochepa zotha kuyendetsa mitundu yonse iwiri, monga TBLE-02S ya Tamiya, koma osangoganiza kuti yanu ndi yotero musanawerenge.

Apa ndi pamene pamabwera nambala imene yawonongetsa ndalama za anthu ambiri, ya kV. Tanthauzo lake ndi loti mota imazungulira kangati pa mphindi pa volt iliyonse, isanasenze katundu. Mota ya Velineon ya Traxxas ndi ya 3500kV. Pa batire la LiPo la maselo awiri, la ma volt 7.4, ndiye kuti imazungulira maulendo 25,900 pa mphindi. Pa la maselo atatu, la ma volt 11.1, imafika 38,850. Nambalayi sinena chilichonse za mphamvu zokokera. Zimenezo zimaoneka pa kukula kwa chitini, ndipo kukulako kumalembedwa ndi manambala anayi: 3650 ndi mamilimita 36 m'mimba ndi 50 m'litali, 3660 ndi yotalikirapo, 4074 ndi yaikulu mbali zonse. Kamota ka 3650 ka 5200kV kamaoneka koopsa pa pepala, koma kaikeni m'thiraki yolemera ya matayala akuluakulu, muone mmene katenthere batire lisanafike ndi theka lomwe.

Taonani zimene opanga okha amachita. Granite 3S BLX ya Arrma, thiraki ya 1/10 (yochepa kakhumi poyerekeza ndi yeniyeni), inkabwera ndi mota ya 3660 ya 3200kV ndi ESC ya ma amp 100. Kraton 6S, yaikulu ya 1/8, anaiikira 4074 ya 2050kV ndi ESC ya ma amp 150. Galimoto ikamalemera, chitini chimakula, maselo a batire amachuluka, kV n'kumatsika. Chifukwa chake ndi cha magetsi basi. Mphamvu ndi ma volt kuchulukitsa ndi ma amp, ndiye ma volt akakwera, ntchito yomweyo imagwirika ndi ma amp ochepa. Ndipo ma amp ndi amene amatenthetsa mawaya: mukawachulukitsa kawiri, kutentha kumachuluka kanayi. Pa mota ya kV yotsika ndi batire la maselo ambiri, ESC ndi mawaya ake zimayenda mozizira kuposa pa mota ya kV yokwera pa batire laling'ono, ngakhale liwiro litafanana. Vuto limabwera pamene munthu waphatikiza zonse ziwiri, kV yokwera ndi maselo ambiri.

Pali kusiyana kwina mkati mwa brushless momwemo. Zina zili ndi ma sensor, tizipangizo ting'onoting'ono timene timauza ESC pamene maginito afika, kudzera m'kachingwe kowonjezera ka mawaya asanu ndi limodzi. Zina zilibe, ndipo ESC imazindikira malo a maginito poyeza magetsi obwerera kuchokera ku mota ikamazungulira. Mota ikaima palibe choyeza, n'chifukwa chake zopanda sensor zimanjenjemera ponyamuka, kapena mukafuna kuyenda pang'onopang'ono. Pabwalo la mpira zimenezi zilibe kanthu, mumangokoka chala galimoto n'kupita. Pa mwala wotsetsereka, pamene mukufuna tayala lisunthe pang'ono chabe, kunjenjemerako kumagubuduza galimoto. A mpikisano, monga a pansi pa bungwe la ROAR ku America kapena la BRCA ku Britain, amagwiritsa ntchito za sensor, ndipo magulu awo amagawidwa ndi T, monga 21.5T, 17.5T ndi 13.5T. Amene ali kunjako ndipo akufuna kulowa mpikisano awerenge malamulo a kalabu yawo asanagule kanthu. Chenjezo limodzi: pa mota yopanda sensor mutha kusinthanitsa mawaya awiri alionse kuti izungulire chobwerera, koma pa ya sensor waya wa A apite pa A, B pa B, C pa C. Kusokoneza pamenepo kutha kuwotcha ESC.

Tsopano pa ESC penipeni, chifukwa apa m'pamene mtima wanga uli. Pa pepala lake pamakhala manambala awiri a ma amp, monga 60/360 kapena 120/830. Yachiwiriyo ndi ya kamphindi chabe, ponyamuka kapena pogunda chinthu. Yoyambayo ndi imene imapirira nthawi yaitali, ndipo ndiyo yoyenera kuwerengera. ESC yaikulu siumiriza mota kudya magetsi ambiri. Mota imatenga zimene ikufuna, ESC n'kungokhala ndi malo opumira. Choncho kugula ya ma amp ochulukirapo si kuwononga, bola ikwane m'galimoto, pamene kugula yongokwanira ndendende n'kudziikira msampha. Mota ikapsa imafa yokha nthawi zambiri. ESC ikapsa itha kutenga receiver (kabokosi kolandira uthenga wa rimoti) ndi servo, mwinanso kuyatsa batire.

Muonenso chiwerengero cha maselo chimene imalandira. Yolembedwa 2S mpaka 3S, kutanthauza maselo awiri mpaka atatu, musaiyese ndi 4S ngakhale kamodzi. Kenako pali BEC, gawo la mkati limene limatsitsa magetsi a batire kufika pa ma volt 6 kapena 7.4 kuti adyetse receiver ndi servo yokhotetsa matayala. Anthu ambiri saiganizira. Munthu amagula servo yamphamvu, n'kuona galimoto ikuzima kwa kanthawi nthawi iliyonse akakhotetsa matayala ali pakati pa miyala, n'kuyamba kudandaula za rimoti. Nthawi zambiri wolakwa ndi BEC yofooka, imene yalephera kupereka ma amp amene servo ikufuna, receiver n'kukomoka. Pa thiraki ya matayala akuluakulu ndimafuna BEC ya ma amp osachepera 3, ndipo ikapitirira pamenepo ndimakondwa.

Za madzi, ndimasankha ESC yosalowa madzi ngakhale sindikufuna kuyenda m'zithaphwi. Chimene chimatseka madzi chimatsekanso fumbi, ndipo fumbi lathu la m'chilimwe ndi losalala moti limalowa paliponse. Fani yaing'ono ya pamwamba pa ESC ndi imene imayamba kufa, kamwala kakangolowa m'mapiko ake, ndiye muziiyang'ana musananyamuke. Zosintha za mkati zimene ndimaziona zofunika ndi zitatu. Choyamba ndi chodula magetsi batire likatsika, chimene chimateteza LiPo. Chachiwiri ndi punch, mphamvu yonyamukira. Pa dothi lotayirira ndimaitsitsa, chifukwa matayala ongopalasa fumbi sapititsa galimoto patsogolo, amangotha ndi kuthyola mano a magiya. Chachitatu ndi drag brake, mabuleki amene amagwira okha mukasiya chala. Pa galimoto yothamanga safunika kwenikweni, koma pa yokwera miyala ndiwo amaigwira kuti isatsetsereke, ndipo ESC ngati QuicRun 1080 inatchuka chifukwa cha zimenezi.

Mota ndi ESC zabwino zitha kupsabe chifukwa cha magiya. Pa shafiti ya mota pamakhala giya yaing'ono, pinion, imene imazunguza yaikulu, spur. Pinion ikakhala ya mano ambiri liwiro limakwera, koma mota imasenza katundu wolemera. Zili ngati munthu wa njinga amene wanyamula matumba a makala n'kufuna kukwera chitunda pa giya yothamangira pachigwa: miyendo imawotcha, njinga osapita. Galimoto ya Tamiya TT-02 imabwera ndi spur ya mano 70 ndi pinion ya mano 22, ndipo magiya a mkati amawonjezera 2.6. Mukagawa 70 ndi 22 n'kuchulukitsa ndi 2.6 mumapeza 8.27, kutanthauza kuti mota imazungulira maulendo opitirira pang'ono asanu ndi atatu kuti tayala lizungulire kamodzi. Mukaika pinion ya mano 19, nambalayo imakwera kufika 9.58. Liwiro lapamwamba limatsikako, koma galimoto imanyamuka mwachangu ndipo mota imapuma. Kuika matayala akuluakulu kuli ngati kukweza pinion. Udzu wautali ndi mchenga nazonso zimalemetsa mota chimodzimodzi.

Woweruza pa zonsezi ndi kutentha. Maginito a m'mota ya brushless akatentha mopitirira amafooka, ndipo sabwereranso mwakale. Mota yotero imayamba kudya ma amp ambiri pa ntchito yomweyo, n'kumatentha kuposa kale. Ambiri amene amayendetsa galimotozi amayesetsa kuti chitini chisapitirire madigiri 70 mpaka 80, ndipo ine ndimakhala kumunsi kwa malirewo. Choyezera kutentha cholozetsa chija n'chofunika kuposa zokongoletsa zonse. Zimene zinafala m'zitseko nthawi ya COVID-19 zinapangidwira thupi la munthu, ndiye onani kaye ngati chanu chili ndi batani loyezera zinthu, apo ayi funani cha amakaniko. Popanda choyezera, chala chikalephera kukhala pa chitini masekondi angapo, imani. Kumbukiraninso kuti magiya amene munthu wa ku Britain akuwayamikira pa intaneti anawayesa kunja kuli kozizira. Mu Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje kutentha kumatha kupitirira madigiri 40 mota isanayambe n'kuzungulira komwe. Ine m'miyezi yotenthayi ndimachotsa mano awiri pa pinion, ndipo magiya amene anali bwino mu Juni sindiwakhulupirira mpaka nditayezanso.

Poyitanitsa pinion pali misampha iwiri. Mano ake ali ndi masaizi: 48P, 32P, Mod 0.6 imene Tamiya imakonda, Mod 1 ya galimoto zikuluzikulu. Saizi yolakwika imatha kuoneka ngati yalowa, koma imadya spur pa ulendo umodzi. Bowo lakenso ligwirizane ndi shafiti, chifukwa mamota ena ali ndi shafiti ya mamilimita 3.175, ena ya mamilimita 5. Pomanga, ikani kapepala kopyapyala pakati pa magiya awiriwo, manganipo, kenako kachotseni. Kampata kotsalako ndi koyenera.

Mphamvu ikawonjezeka, galimoto yonse imamva. Mabokosi ena otsika mtengo amabwera ndi timphete tapulasitiki m'malo mwa ma bearing, ndipo kusintha timeneti n'kofunika kusiyana ndi kusintha mota. Mashafiti ndi magiya a mu difu amene ankapirira 27T satha kupirira brushless ya maselo atatu. Mapulagi oyera akale aja a mtundu wa Tamiya anali bwino pa NiMH ndi mota yofatsa, koma pa ma amp ambiri amatentha mpaka kusungunuka. Pamenepo pamafunika XT60, Deans kapena EC5, owotchereredwa bwino, ndipo ndi bwino kusankha mtundu umodzi pa mabatire anu onse.

Batire ndi limene limandichititsa kunena kuti muyambire kumeneko. Selo la LiPo ndi la ma volt 3.7, likadzaza limafika 4.2, posunga likhale pafupi ndi 3.8, ndipo lisatsike pansi pa 3.0, n'chifukwa chake chodula cha mu ESC ambiri amachiika pa 3.2 kapena kupitirirapo pang'ono. Limafuna tchaja yake yolinganiza maselo, ndipo osalisiya likutchajidwa inu mutachoka kapena mutagona. Lotupa kapena lobooka litha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Kulibweretsa kunonso n'kovuta, popeza malamulo a ndege amakhwimitsa pa mabatire a lithium, ogulitsa ambiri salola kutumiza, ndipo wapaulendo ayenera kulinyamula m'chikwama cham'manja, osati m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Ngati LiPo yodalirika simungaipeze, brushless yamphamvu ilibe ntchito, chifukwa NiMH ya maselo asanu ndi limodzi, ya ma volt 7.2, singaipatse ma amp amene ikufuna. Pogula tchaja, funani yolandiranso ma volt 12, kuti magetsi akazima muthe kutchaja pa batire la sola kapena la galimoto.

Ndiye munthu akandifunsa kuti agule chiyani, ndimamufunsa kumene akukayendetsa. Wa pabwalo la dothi, ndi thiraki ya 1/10 ya matayala onse anayi okoka, ndimamuuza za 3660 ya pafupi ndi 3200kV, yopanda sensor, ESC ya ma amp 100 kapena 120, ayambe ndi 2S mpaka manja azolowere. Wofuna miyala, ndipo miyala ya ku Dedza kapena m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi yoti okonda masewerawa kunja angaisirire, atenge brushed ya 35T ndi ESC ya QuicRun 1080, ndalama zotsala agulire servo yabwino. Chilichonse chimene mwagula, ESC yatsopano iyenera kuphunzitsidwa rimoti yanu, idziwe pamene chala chili pakati, pamene chakoka mpaka kumapeto ndi pamene chagwira mabuleki. Chitani zimenezi matayala ali m'mwamba, ndipo nthawi zonse muziyatsa rimoti kaye, galimoto pambuyo.

Za ana, makolo ena amaganiza zogula galimoto yachiwiri yofooka kuti mwana aphunzirirepo. Sizifunika. ESC za Traxxas monga XL-5 zili ndi Training Mode imene imadula mphamvu ndi theka, ndipo marimoti ambiri a makampani ena ali ndi kabatani kosankhira 50, 75 kapena 100 peresenti. Mwana amaphunzira kukhota ndi kuima pa galimoto yomweyo imene adzayendetse akazolowera, ndipo pa liwiro limenelo akagunda mtengo nthawi zambiri chimathyoka ndi kapulasitiki kakutsogolo basi. Pa galimoto ya mwana ndimaikamo NiMH, ngakhale ndi yolemera ndiponso yofookerapo, chifukwa iye atha kuiwala batire m'galimoto litalumikizidwa usiku wonse, ndipo LiPo ikatsikiratu choncho siyeneranso kutchajidwa.